Kodi Mayeso a Chingerezi Amayesa Chiyani?

Mu mzinda wa Johannesburg, umene Amalawi anazolowera kuutcha Joni, muli anthu ambiri amene usiku wawo umathera pa buku la galamala. Ena ndi ana a sukulu amene akukonzekera mayeso a matric. Ena akufuna malo pa yunivesite ya Witwatersrand ku Braamfontein, kumene nthambi zina zimafuna kuti wopempha malo alembenso mayeso otchedwa National Benchmark Tests. Enanso ndi alendo ochokera ku Mangochi, ku Mzimba kapena ku Chipata, amene masana amagwira ntchito m'masitolo ndi m'minda ya maluwa, madzulo n'kumaloweza nthawi za aneni ndi mayina a malikulu a mayiko pofuna ntchito yabwinopo. Onsewa amadziwa kuti malo ndi ochepa pamene ofuna ndi ambiri. Koma pali funso limene wokonzekera mayeso sapeza mpata wolifunsa: kodi mayeso otere amayesa chiyani mwa munthu, ndipo amene amawakonza ali ndi udindo wanji kwa amene alephera?

Mneni wakuti "kuyesa" ali ndi matanthauzo angapo m'Chichewa. Munthu amayesa ntchito kuti aone ngati angaithe. Amayesanso mnzake pomutchera msampha, ndipo apa ndi pamene pachokera mawu akuti mayesero. Komanso munthu amatha kumuyesa mnzake chitsiru, kutanthauza kumuganizira zimene sali. Mayeso a mpikisano angathe kuchita zitatu zonsezi, ndipo ubwino kapena kuipa kwake kwagona pa chimene akuchita mwa zitatuzi.

Choyamba, n'koyenera kuvomereza kuti mayeso anabwera kudzathetsa choipa china chachikulu. Kumene kulibe mayeso, ntchito imapita kwa mphwake wa bwana. Ku Britain, lipoti la Northcote ndi Trevelyan la m'chaka cha 1854 linalimbikitsa kuti ntchito za boma zizipezeka kudzera m'mayeso a mpikisano pofuna kuthana ndi kukondera kotere. Pepala la mayeso silidziwa mfunda wa munthu ngakhale chuma cha atate ake. Mwana wa mayi wogulitsa tomato ku Yeoville angathe kuposa mwana wa nduna, ndipo palibe angamulande malikisi ake. Galamala nayonso si yachabe. Namwino amene sasiyanitsa lamulo lakuti mankhwala aperekedwe ndi uthenga wakuti aperekedwa kale angathe kupha wodwala. Loya wosasamala za malo a mpatuliro m'chiganizo angathe kuluzitsa mlandu. Choncho wophunzira amene amachezera usiku pa malamulo a chiyankhulo sakuchita zopusa.

Komabe mbiri ya dziko la South Africa ikuonetsa kuti mayeso a chiyankhulo angathe kukhala msampha. M'chaka cha 1897 boma la Natal linakhazikitsa lamulo lakuti wolowa m'dzikolo alembe kalata yopempha chilolezo m'chiyankhulo cha ku Ulaya. Lamulolo silinatchule mtundu wa anthu, koma aliyense ankadziwa kuti cholinga chake chinali kutsekereza Amwenye. Boma la Transvaal linakhazikitsa lamulo lofanana nalo mu 1907. Chaka chotsatira, Sorabji Shapurji Adajania, Mmwenye wodziwa bwino Chingerezi, analowa m'Transvaal mwadala pofuna kuona ngati chiyankhulocho chinalidi chokwanira kumutsegulira khomo. Mlandu wake unazengedwa ku Johannesburg, kumene Mohandas Gandhi ankagwira ntchito ya uloya. Sorabji analamulidwa kutuluka m'dzikolo chifukwa sanalembetse motsata lamulo lina lokhudza anthu a ku Asia, ndipo atakana anaponyedwa m'ndende. Apa zinaonekeratu kuti Chingerezi sindicho chinkafunidwa. Munthu anabwera nacho chokwanira, khomo n'kukhalabe chitsekere.

Nzeru ya ku Natal ija inawoloka nyanja. Dziko la Australia linaitengera mu 1901, ndi lamulo lakuti mlendo alembe mawu 50 amene wogwira ntchito za boma amuwerengera m'chiyankhulo chilichonse cha ku Ulaya chimene woyesayo wasankha. Mu 1934 mtolankhani Egon Kisch, amene ankadziwa ziyankhulo zingapo za ku Ulaya, anamuyesa m'chiyankhulo cha Gaelic cha ku Scotland n'cholinga choti alephere. Mayeso amene yankho lake lagamulidwa wolemba asanagwire cholembera ndi bodza, ndipo kuipa kwake n'kwakuti wolakwiridwa amachoka atasenza mlandu wa kulephera ngati kuti vuto linali lake.

Wina anganene kuti zimenezi ndi zakale, ndiponso kuti Chingerezi chakhala chida cha ufulu kwa anthu akuda. Pali choonadi pamenepa. Pa 16 June 1976 ana a sukulu a ku Soweto anaguba pokana lamulo la mu 1974 lowakakamiza kuphunzira masamu ndi maphunziro ena m'chiyankhulo cha Afrikaans, ndipo apolisi anawaombera, n'kupha Hector Pieterson, Hastings Ndlovu ndi ena ambiri. Ambiri mwa anawo ankafuna Chingerezi. Koma phunziro la tsikulo silakuti chiyankhulo china n'choyera pamene china n'chodetsedwa. Anawo anazindikira kuti amene wasankha chiyankhulo cha mayeso wasankhiratu amene adzavutike. Mwana wodziwa masamu akalephera chifukwa funso lalembedwa m'chiyankhulo chimene iye ngakhale mphunzitsi wake sakuchimva bwino, mayesowo anena zabodza pa za masamu ake.

Vutoli silinathe ndi tsankho. Malamulo a dziko la South Africa a mu 1996 anavomereza ziyankhulo 11, ndipo chiyankhulo cha manja chinawonjezedwa mu 2023. Kalembera wa mu 2022 anapeza kuti anthu oyankhula Chingerezi pakhomo safika ngakhale mmodzi mwa khumi aliwonse, pamene pafupifupi mmodzi mwa anayi amayankhula isiZulu. Chikhalirecho, kupatula maphunziro a ziyankhulo, mafunso a mayeso otsiriza a matric amalembedwa m'Chingerezi ndi m'Afrikaans. Ku Malawi nakonso wophunzira salandira satifiketi ya MSCE ngati walephera Chingerezi, ngakhale atakhoza bwino masamu, zaulimi ndi sayansi. Palibe woipa mtima amene wakhala pansi kukonza chiwembu monga zinaliri mu 1907. Komabe pa mzere umodzi wa mpikisano paima mwana amene anayamwa Chingerezi ndi wina amene anakumana nacho koyamba pa bolodi, ndipo malikisi sanena kuti wachiwiriyu wayenda mtunda wautali kuposa woyamba.

Chimodzimodzinso ndi mafunso a zinthu zimene amati munthu aliyense wophunzira ayenera kuzidziwa. Ndani amagamula kuti ichi n'cha aliyense, icho n'cha kumudzi? Pepala likafunsa za nkhondo ya ku Waterloo ya mu 1815 koma osafunsa za kuukira kwa John Chilembwe kwa mu 1915, lasankha mbiri ya anthu ena kuti ikhale muyeso wa onse. Mnyamata wa m'mbali mwa nyanja amene amadziwa kusiyana kwa mwera ndi mpoto, amene amayankhula Chiyao ndi Chichewa ndipo watola isiZulu m'mateksi a ku Bree, ali ndi nzeru zambiri zimene pepala silifunsa. Kusafunsidwa kwake si tchimo, pakuti palibe pepala lingafunse zonse. Tchimo limayamba pamene woyesa, kenako mnyamatayo mwini wake, ayamba kukhulupirira kuti chimene sichinafunsidwe si nzeru.

Moyo wa Hastings Kamuzu Banda uli ndi chenjezo pa nkhaniyi. Olemba mbiri yake amasimba kuti cha m'ma 1915, ali mnyamata, anatulutsidwa m'chipinda cha mayeso chifukwa anaimirira kuti aone bwino mafunso pa bolodi, ndipo woyang'anira, m'busa T. Cullen Young, anamuyesa wobera. Mnyamatayo anachoka kwawo ku Kasungu, nadutsa ku Southern Rhodesia mpaka kukafika ku mgodi wa Witwatersrand Deep pafupi ndi Boksburg, kumene anagwira ntchito mpaka ananyamuka kupita ku America mu 1925. Patapita zaka, iye ndi Young yemweyo anakonzera limodzi buku la Our African Way of Life, limene linatuluka mu 1946. Woyesa anali atalakwitsa, ndipo anakhala ndi moyo mpaka kuona kukula kwa amene anamutulutsa. Koma Banda atakhala mtsogoleri anatsegula sukulu ya Kamuzu Academy ku Mtunthama mu 1981, kumene ana ochepa osankhidwa ndi mayeso ankaphunzira Chingerezi, Chilatini ndi Chigiriki kwa aphunzitsi achizungu. Amene anavulazidwa ndi chipata sanachigwetse; anamanga china chopapatiza. Izi zimachitika kawirikawiri, chifukwa munthu amene wavutikira chinthu safuna kumva kuti chinthucho sichinali muyeso wa zonse.

Tsono udindo uli mbali ziwiri. Wokonza mayeso ayenera kudzifunsa pa funso lililonse ngati ntchito kapena maphunziro amene akupikisaniranawo amafunadi chimene akufunsacho. Ngati namwino afunika kumva malangizo a dokotala, ayesedwe pa zimenezo mosanyengerera. Ngati funso laikidwa kuti lingochepetsa chiwerengero cha anthu, woyesa anene poyera kuti malo ndiwo achepa, asalole olephera kupita kwawo akudziyesa mbuli. Kusowa kwa malo ndi mlandu wa boma ndi eni chuma, ndipo n'kulakwa kuusandutsa manyazi a mwana wosauka.

Wophunzira naye ali ndi udindo wake. Aphunzire galamala ndi mtima wonse, pakuti khomo silitseguka chifukwa choti wina wadandaula, ndipo chiyankhulo chimene chinagwiritsidwa ntchito potsekereza agogo ake chingathe kumupatsa mkate ndi mawu pabwalo. Koma aphunzire akudziwa kuti chimene akusula ndi kiyi, ndipo kukhala ndi kiyi sikumusandutsa munthu woposa amene watsala panja. Akale anati mako ndi mako angachepe mwendo. Chiyankhulo chimene munthu analirira nacho ali khanda sichitsika mtengo chifukwa pepala la ku Braamfontein silichidziwa. Ena mwa amene akuloweza aperekezi ndi alumikizi usiku uno m'zipinda za lendi ku Hillbrow ndi ku Rosettenville adzakhoza, ndipo patapita zaka adzakhala iwo okonza mafunso ndi ochonga mapepala. Pa tsikulo adzayenera kukumbukira nkhope za anzawo amene ankawerenga nawo buku limodzi, anzeru ngati iwo, amene anatsala ndi malikisi awiri.