SUKULU YA KU MIDYANI

Mau a mwezi uno: Eksodo 3:1-6; Machitidwe 7:22-30.

Abale okondedwa a m'midzi ya Inkosi Zulu, mvula yagwa, sukulu zatsekedwa, ndipo ana athu a ku Lilongwe ayamba kufika kudzaona agogo ao. Chifukwa chake tilingalire za munthu wophunzira amene Mulungu anamtumiza kumudzi.

Mose analeredwa m'nyumba ya Farao, naphunzitsidwa zonse zimene Aigupto anazidziwa. Koma pofika zaka 40, pofuna kuthandiza abale ake, dzanja lake linathamanga kuposa nzeru. Anapha munthu, nathawa. Pamenepo Mulungu anamlowetsa sukulu yachiwiri ku Midyani, aziweta nkhosa za Yetero mpongozi wake zaka 40 zina. Kubusako anaphunzira kuyenda monga iyendera nkhosa yotopa, kufunafuna madzi, ndi kudikira. Ndipo taonani, chitsamba choyaka moto chija anachiona ali kubusa komweko.

Sukulu imeneyi ikalipo pakati pathu. Mnyamata wina wa sekondale, wobadwira m'tauni, anadza kwa agogo ake kufupi ndi phiri la Mchinji. Masiku oyamba anaipidwa ndi utsi wa kukhichini, nayankha akulu ali chiimire. Agogo sanamdzudzule ai, anangompatsa khasu. Anapalira mtedza kufikira manja anatuluka matuza. Anaonanso agogo alikuyesa ufa ndi mbale, kuti za m'nkhokwe zifike mwezi wa Marichi, pamene chimanga chachiwisi chiyamba kudyedwa. Kuyambira pomwepo iye amene anazolowera kutaya nsima anayamba kudya mkute ndi chiyamiko.

Koma phunziro lalikulu analilandira pamaliro. Anaona amuna alikukumba manda mbandakucha, akazi alikudza ndi nkhuni ndi timbale ta ufa, ena nagona pansi pasiwa usiku wonse. Anafunsa nati, "Agogo, anthu onsewa adzawalipira ndani?" Iwo anati, "Mdzukulu wanga, malipiro ao adzaoneka tsiku limene iwonso adzagona." Mnyamatayo anakhala chete, pambuyo pake anavula nsapato, natenga fosholo. Sabata zake zitatha anatsazika akulu atagwada, ndipo atate wake analemba kalata kuti mwanayo tsopano atunga madzi osatumidwa.

Ngakhale ansembe a White Fathers amene anafika ku Kachebere m'chaka cha 1903 anali anthu a mabuku ambiri. Koma asanalalikire anayenera kukhala pamphasa, kuphunzira Chinyanja kwa anthu osadziwa kulemba. Ngati iwo anadzichepetsa chotero, nanga mwana wa Fomu 3?

Tsono mau anga ali kwa inu makolo ndi agogo. Ambiri a ife tichimwira ana amenewa powasandutsa alendo. Tiwaphera nkhuku, tiwakhazika pampando, ndipo popita kumunda tiwasiya alikugona, poopa kuti anganene kuti kumudzi n'kozunza. Potero abwerera m'tauni onenepa thupi, koma osadziwa abale ao, kapena kumene kuli manda a makolo ao. Mawa mukadzafa, adzakuikani ndi ndalama zokha. Apatseni khasu, pitani nao kukaona odwala, auzeni za Angoni amene anaoloka Zambezi m'chaka cha 1835, pempherani nao madzulo. Komanso musanyoze mabuku ao, pakuti Mose yemweyo wa kubusa ndiye anaima pamaso pa Farao, ndipo maphunziro ake oyamba sanapite pachabe.

Ndipo inu anyamata ndi asungwana amene muwerengera agogo anu kalata iyi, musati mumtima, "Tsobola wakale sawawa." Nkhalamba imene simvetsa Chingerezi chanu yalera ana m'zaka za njala, niika m'manda okondedwa ake, osataya chikhulupiriro, mayeso otere inu simunalembe. Ambuye wathu Yesu anakhala ku Nazarete kufikira zaka ngati 30, alikumvera makolo ndi kupala matabwa, ndipo sanachite nazo manyazi.

Mulungu amene anakomana ndi Mose kubusa akomanenso ndi ana athu m'minda ya kuno kwa Zulu, kuti abwerere kusukulu ndi mitima yofatsa. Amen.