CHIKHO CHA USIKU



Dzinja lafika. Ku Hara, ku Wovwe ndi ku Lufilya anthu ali kalikiliki kuokera mpunga. Madzi aima m'madambo, udzudzu waswana, ndipo monga mwa zaka zonse, ana athu ayamba kutentha thupi. Pa nyengo yotere m'midzi mwathu mumayenda chikho china usiku, chikho cha mizu ndi makungwa owiritsidwa kuseri kwa nyumba. Ife ansembe tachidzudzula kawirikawiri pa guwa, koma chikhocho sichidaleke kuyenda. Lero ndifuna tifunsane chifukwa chache, ndipo ndiyamba ndi manyazi anga omwe.

Ndili wansembe wachichepere, adandiitana ku mudzi wina kumtunda kwa mtsinje wa Lufilya kukaika maliro a mwana wa zaka zinai, amene ndidambatiza ine ndemwe. Polowa m'siwa ndidaona kuti m'khosi mwa mwanayo muli medalo ya Amai Maria, koma m'chiuno muli chithumwa, ndipo pamphumi pali mphini zatsopano. Kuseri kwa nyumba kudali mphika wa mizu, madzi ache akuda bii. Mtima wanga udapsa. Ku manda ndidalalika mau okalipa pa Lamulo Loyamba la Mulungu, anthu onse ataweramitsa mitu. Titabwerako, mai wa mwanayo adadzagwada patali pang'ono nati: "Bambo Mfumu, mwanena zoona, ndalakwa. Koma usiku uja mwana akukomoka, bambo wache ali ku nyanja ku usipa, ndidagogoda pa zitseko zitatu za Akristu. Palibe adatsegula. Amene adabwera ndi mai uja wa mizu, amene sapemphera. Adabwera ndi nyali yache, nasonkha moto, nakhala nane mpaka tambala woyamba."

Ndidasowa choyankha, ndipo mpaka lero mau amenewa sadandichoke m'khutu. Mankhwala a mai wachikunja uja sadachize mwana. Adangomchedwetsa masiku atatu, pamene malungo a ku ubongo sadikira munthu. Koma pa anthu onse a m'mudzimo, amene adachita nchito ya chifundo yozonda wodwala adali iye yekha.

Tsono tiyambe talungamitsa chinthu chimodzi, pakuti Akristu ena achangu amachisokoneza. Mtengo si wachikunja. Adaulenga ndi Mulungu mmodzi yemweyo amene makolo a kuno ankamutcha Kyala kapena Chiuta, amishoni asanafike. Buku la Mphunzitsi Sira, mutu 38, limatiphunzitsa kuti mankhwala a m'nthaka ndi mphatso ya Mlengi, kuti munthu wanzeru sawanyoza, ndiponso kuti dokotala ayenera ulemu. Kwinini, amene adapulumutsa anthu osawerengeka ku malungo, adachokera ku khungwa la mtengo wa ku Peru, ndipo pakati pa amene adalifikitsa ku Ulaya padali ansembe a chipani cha Ajezuiti. Mankhwala a LA, amene zipatala za m'Malawi zidayamba kupereka mu 2007, gwero lache ndi chitsamba cha ku China. Mai Tu Youyou, amene adatulukira mphamvu ya chitsambacho, adalandira mphotho ya Nobel mu 2015. Agogo owiritsa masamba a mandimu kuti mdzukulu wa chimfine afundire nthunzi sadachimwe, ndipo asabwere nazo ku kulapa.

Komabe mphika wa kuseri kwa nyumba uli ndi chilema ichi, chakuti ulibe muyeso ndipo ulibe maso. Wopanga LA amadziwa kuti mwana wolemera mwakuti amwe mapiritsi angati. Wowiritsa mizu amangotapa ndi dzanja. Anamwino a ku chipatala cha St Anne's ku Chilumba, a ku Atupele ndi a ku chipatala cha boma angakuuzeni za mwanamphepo, mankhwala amene amai ena amamwetsana kuti mimba ifulumire: chiberekero chimakungika mopitirira, nthawi zina mpaka kung'ambika, ndipo maliro amakhala awiri. Amene adapereka chikhocho sadali mdani. Adali apongozi kapena azakhali okonda mwana wao. Chikondi chidalipo, nzeru ya muyeso padalibe. Ndati ulibe maso chifukwa mphika sungaone ngati thupi latentha ndi malungo, ndi chibayo kapena ndi nthenda ina. Pamene kadontho kamodzi ka magazi a ku chala kamaulula malungo nthawi yophika nsima isanathe.

Nanga chikunja chimalowa pati? Chimalowa pamene chikho chiyamba kulonjeza zimene mtengo sungachite. Muzu ungatsitse kutentha kwa thupi. Sungaitane usipa kuti ulowe mu ukonde wako nulambalala wa mnzako ku Ngara. Sungatembenuze mtima wa mwamuna wako, ngakhale auche konda-ine. Sungatsirike munda wa mpunga, kapena kukuolotsa pa Songwe ndi katundu wozembetsa asilikali osakuona. Munthu wobatizidwa akayamba kuika moyo wache m'manja mwa nyanga, mphinjiri ndi zizimba, wachotsa chikhulupiriro chache pa Atate nachipachika pa chinthu chimene iye mwini adachikumba ndi khasu. Katekisimu wa Eklezia Katolika wa 1992, pa nambala 2117, amatsutsa matsenga onse ofuna kugwira mphamvu zobisika, ngakhale cholinga chikhale kuchiza, ndipo amatsutsanso kubvala zithumwa. Ndionjeze pano mau amene ena sawakonda: amene amamangira mwana medalo ndi mtima womwewo wa chithumwa, kapena kumwetsa wodwala kolera madzi odalitsidwa m'malo mothamangira naye ku chipatala, nayenso walowa m'dzenje lomwelo, kungoti walowera khomo la tchalitchi.

Koma pali chikho choipa koposa zonsezi, ndicho chikho chobwera ndi dzina la munthu. Ndibwerere ku mudzi uja. Patapita masabata awiri maliro ataikidwa, abale adasonkherana ndalama naitana woombeza. Iye adawiritsa zache, namwetsa mudzi wonse, naloza agogo ache a mwanayo, mai wamasiye amene ankamubereka kumsana tsiku ndi tsiku. Nyumba yao idatenthedwa usiku womwewo. Adathawira kwa mlongo wao kutali, namwalira komweko asadaonenso manda a mdzukulu wao. Ena mwa amene adasonkha ndalamazo adali a m'kwaya, ndipo Lamulungu lotsatira adaimba bwino ndithu.

Zimenezi si zachilendo. Kale makolo ankamwetsana mwabvi, khungwa lapoizoni: wosanza ankati ngwosalakwa, wakufa ankati ndiye mfiti. Boma lidaletsa mwabvi ndi lamulo la 1911, ndipo lamulo lomwelo lidaletsanso kuloza munthu ufiti ndi kulemba nchito woombeza kuti asake mfiti. Koma ludzu la chikho silidathe. Mu 1933 ndi 1934 kudabuka a mchape, anyamata oyenda ndi magalasi ndi mabotolo a madzi ofiira, onena kuti adawatuma ndi Kamwiri wa ku Mulanje. Adafika mpaka ku Northern Rhodesia ndi ku Tanganyika, nalonjeza kuti mudzi ukamwa, ufiti utheratu. Cha m'ma 1960 anthu ankayenda mitunda italiitali kupita kwa Chikanga ku Rumphi. Mu 1995 khamu lalikulu lidakhamukira ku Machinga kwa Billy Goodson Chisupe, amene adati adalota mankhwala a Edzi. Mu 2011 magalimoto adandandalika mtunda wautali pa mseu wa ku Samunge, pafupi ndi Loliondo m'dziko la Tanzania, kwa mbusa wopuma nchito Ambilikile Mwasapile, amene ankapereka chikho chimodzi pa mashilingi 500. Ena adataya ma ARV ao atamwa chikhocho, ndipo adafa. Mbadwo uli wonse umalandira chikho chache, nuuzidwa kuti ichi ndiye chomaliza. Koma manda sadaleke kukumbidwa. Ndipo mu Januwale 2016 ku Neno, mphenzi itapha mtsikana, anthu adapha okalamba anai a m'mudzi momwemo.

Funso limene limabala zonsezi ndi lakale: wachita ndani? Ophunzira a Ambuye Yezu nawonso adalifunsa, ataona munthu wobadwa wosapenya, monga timawerenga pa Yohane mutu 9. Iwo ankafuna wolakwa, kaya munthuyo kaya makolo ache. Ambuye adakana kutchula dzina la munthu ali yense. Adawerama, nakanya thope, namgwira wodwalayo m'maso. Ophunzira adaima patali kukambirana za mlandu, Mbuye wao adadetsa manja. Mkristu akamva kuti kwa mnansi kwagwa matenda, funso lache likhale la chochita, dzina la wochita alisiye.

Pa 1 Febuluwale Eklezia amakumbukira munthu amene adafera pa funso limeneli. Benedict Daswa adali mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya pulaimale ku Venda, m'dziko la South Africa, bambo wa ana asanu ndi atatu, katekisti wothandiza pa tchalitchi cha kwao. Mu Januwale 1990 mphenzi zidatentha nyumba m'mudzi mwao mwa Mbahe, ndipo akulu adagamula kuti ali yense asonkhe marandi 5 olipira woombeza wodzaloza mwini mphenzizo. Daswa adakana. Adati mphenzi n'chilengedwe, ndipo chikhulupiriro chache sichimlola kupereka ndalama zoti munthu wosalakwa aphedwe nazo. Madzulo a pa 2 Febuluwale 1990 adamtchingira mseu ndi mitengo, namponya miyala, namupha ndi chibonga. Eklezia adamlengeza Wodala pa 13 Seputembala 2015. Taonani kuchepa kwa ndalamazo: marandi 5! Ambiri a ife tikadapereka, n'kumati, ndingopereka kuti ndikhale pa mtendere ndi a mfumu, mumtima sindikhulupirira. Daswa adadziwa kuti woombeza sabwera popanda msonkho, ndipo akabwera sabwerera wopanda dzina.

Tsono ndibwere pa ife eni. Kukana msonkho wa woombeza ndi theka chabe la nchito, pakuti mai uja wa ku Lufilya sadapite kwa wamizu chifukwa chokana Mulungu. Adapita chifukwa zitseko zitatu zidali zotseka. Munthu wogwidwa ndi mantha pakati pa usiku amalandira dzanja limene lafika. Ambuye athu omwe, m'munda wa Getsemani, pa usiku wa chikho chao chowawa, adapempha abwenzi atatu kuti achezere nao. Atatu onsewo adagona, ndipo Ambuye adawadandaulira kuti alephera ngakhale ora limodzi. Pa Mateyo mutu 25, pamene akutiuza za chiweruzo, kuzonda odwala akuwerengera pamodzi ndi kudyetsa anjala, ndipo akuti wodwalayo ndi Iwo amene. Tikamadzudzula wamizu tili m'bulangete, tikudzudzula munthu amene watipambana pa mutu umenewu.

Sitisowa chitsanzo, ndipo sitikachitenga kutali. Mu 1997, Edzi itadzaza midzi ya Karonga ndi ana amasiye, Sisitere Beatrice Chipeta wa chipani cha Rosarian, mphunzitsi wopuma nchito, adayamba kuyenda wapansi mudzi ndi mudzi. Sadapite kukasaka amene walodza makolo a anawo. Adasonkhanitsa mafumu ndi amai, nawafunsa chimene mudzi ungachite ndi manja ache: dimba la onse, phala la ana, malo osonkhanirapo ana ang'ono masana. Nchitoyo adaitcha Lusubilo, ndiko kuti chiyembekezo m'Kyangonde, ndipo mu 2010 adalandira nayo mphotho ya Opus ku New York, chaka chomwecho chimene Papa Benedikito XVI adakhazikitsa dayosizi yathu natipatsa Ambuye Martin Mtumbuka kukhala Episkopi wathu woyamba. Nayenso Sisitere ankawiritsa mphika. Koma mwa iye munkatuluka phala la soya, ndipo palibe nkhalamba idathawa mudzi chifukwa cha mphika umenewo.

Miphakati yathu idakhazikitsidwira nchito yomweyi. Pamene Aepiskopi a AMECEA adagwirizana za miphakati mu 1973 ndi 1976, ndi pamene Ambuye Patrick Kalilombe ankaiyambitsa ku Lilongwe, cholinga chidali chakuti Eklezia akhale pafupi, pa mtunda woti munthu angathamangepo usiku. Kwina tausandutsa mphakati malo otolera chamtulo ndi kukangana za yunifolomu. Maliro n'kulirana, timatero, ndipo pa maliro timafikadi ndi nkhuni, ufa ndi nyimbo usiku wonse. Ha! Tikadapereka kwa wodwala theka la usiku umene timapereka kwa mtembo!

Chifukwa chache ndikupempha atsogoleri a miphakati yonse kuti pa msonkhano wa sabata ino, musanatseke ndi pemphero, mukambe zinthu izi ndi kuzilemba m'kope. Ndi zitseko ziti m'mudzi mwanu zimene munthu angagogode nthawi ili yonse, ndipo mai ali yense wa mwana wamng'ono azidziwe. Njinga kapena njinga yamoto yonyamula wodwala ndi ya yani, ndipo ndalama ya mafuta isungidwa ndi yani, kuti isachite kufunidwa mwana atakomoka kale. Mlangizi wa zaumoyo amagona nyumba iti. Okalamba okhala okha ndi angati, ndipo adzawayendera ndani, pakuti nkhalamba imene Akristu amaoneka pakhomo pache kawirikawiri siilozedwa msanga. Wodwala akafooka, itanani wansembe adzamdzoze akali kumva, monga Yakobo Woyera akutilangiza pa mutu 5. Musadikire kuti tidzangodalitsa bokosi.

Ndipo popeza manja a amai athu sakhala chete mwana akadwala, nachi chikho chimene ndikulolani kupanga pakhomo, ndi dalitso langa. Kolera wa 2022 ndi 2023 adapha anthu oposa 1,700 m'Malawi, ambiri chifukwa madzi adawathera m'thupi asanafike ku chipatala. Munthu akayamba kutsekula m'mimba ndipo paketi ya Thanzi palibe, wiritsani madzi okwana lita imodzi, muwaziziritse, muthiremo masupuni a tiyi asanu ndi imodzi a shuga, osasefukira, ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere. Mumwetseni pang'onopang'ono, ngakhale akusanza, ndipo muzimumwetsa muli pa njira ya ku chipatala, wina atanyamula nyali.