Kodi Mwanayu Ali ndi Zaka Zingati?

Pa milandu yogona ndi ana, bwalo limafunsa funso limene ambiri amaliyesa lachibwana: kodi mwanayu anabadwa liti? Anthu amang'ung'udza, amati, nanga woweruza alibe maso? Komatu maso amanyenga. Alipo msungwana wa zaka 13 wa msinkhu ngati mayi, aliponso wa zaka 19 wooneka ngati wa Sitandade 5.

Tsono lamulo linadula malire ndi nambala. Kale malirewo anali zaka 13. Mu 2011 anafika pa 16. Mu 2017 Malamulo Aakulu a dziko anati mwana ndi yense wosakwana zaka 18, ndipo mu 2023 lamulo la milandu linatsata pomwepo, kutchinjiriza anyamata ndi asungwana omwe. Poti zaka ndizo mutu wa mlandu, woimba mlandu ayenera kuzitsimikiza popanda chikayiko. Ichi ncholungama, pakuti kutsekera munthu m'ndende zaka zambiri chifukwa chongoganizira ndi tchimo lalikulu.

Koma taonani, inu awerengi, amene amasenza katunduyu. Kulembetsa ana obadwa kunayamba kukakamizidwa mu 2015, ndipo ana ambiri akumidzi alibe chikalata. Mwana wa kalaliki ali nacho m'sutikesi. Mwana wa mlimi ali ndi kabuku ka kusikelo kodyedwa ndi chiswe, kapena kanapita ndi madzi a namondwe Freddy mu 2023. Kodi tinene kuti wosaukayo alakwiridwe kawiri, poyamba ndi chilombo cha munthu, kachiwiri ndi kusowa pepala?

Ife tikuti iai. Choonadi sichikhala m'pepala mokha. Mayi amene anamva zowawa za kubala ndi mboni yoposa onse, ndipo mabwalo amamva mawu ake. Iye angaiwale tsiku, koma sangaiwale kuti anali ndi pakati chaka cha madzi osefukira a 2015, chimanga chisanache. Kaundula wa ubatizo ku parishi ndi wa kusukulu amathandizanso, ngakhale wa kusukuluyo nthawi zina amanama, popeza makolo ena amasintha zaka kuti mwana alembedwe. Dokotala amapima mano ndi mafupa a pamkono, koma iye amangoyerekeza. Angaphonye ndi chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo mwana akakhala pafupi ndi malire, chaka chimodzicho ndicho mlandu wonse.

Chotidetsa nkhawa koposa ndi china. Alipo makolo amene, atalandira mbuzi kapena ndalama kwa wolakwayo usiku, m'mawa amaimirira m'bwalo nawonjezera zaka za mwana wawo. Aliponso ochepetsa zaka kuti amangitse mnansi amene akulimbana naye malire a munda. Onsewa agwira Buku Loyera nalumbira monama. Woyambayo ndiye woipitsitsa, pakuti mwanayo amakhala pa benchi pomwepo, kumva mayi wake akumukulitsa ndi pakamwa kuti amene anamuononga apite kwawo.