Nambala ya bungwe isamayende yokha

Ana anga, inu amene mumaswera pa foni ndi pa kompyuta mukuika midzi yathu pa mapu a OpenStreetMap, tasendererani kuno. Mapu amenewa anawayambitsa Steve Coast ku Britain mu 2004, ndipo aliyense amaloledwa kulembapo. Tsono chimene mwalemba muli pa Chitakale kapena ku Muloza, munthu wa kutali amachitenga ngati umboni wa amene anaona ndi maso.

Namondwe Freddy atagumula phiri lathu la Mulanje mu Malichi 2023, mabungwe othandiza anachuluka m'boma muno. Pa nthawi ngati imeneyo, wofuna kupereka thandizo amayamba wafunsa ngati bungwelo lili m'kaundula. Yankho lake ndi nambala, koma nambalayo ili ndi kalembedwe kake.

Chilichonse chizikhala pamalo pake. Pa mapupo, pa mzere wa name lembani dzina lokha, monga lilili pa chikwangwani. Pa operator lembani amene amayendetsa malowo: chipatala cha Mulanje Mission, mwachitsanzo, ndi cha Sinodi ya Blantyre ya mpingo wa CCAP. Nambala muziiika pa mzere wakewake woyamba ndi ref, osaimata kumchira kwa dzina.

Chachikulu nachi. Mlendo akatchula dzina lake, timamufunsanso mudzi ndi mfumu yake. Nayonso nambala izinena kumene yachokera, pakuti akaundula ndi ambiri. Kuli wa Registrar General. Kuli wa NGORA, imene inkatchedwa NGO Board lamulo la mabungwe lisanasinthidwe mu 2022. Kuli umembala wa ku CONGOMA, umene ndi nkhani inanso. Timagulu ta m'midzi, ma CBO aja, timakalembetsa ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pa boma. Ngakhale ku Britain kaundula si mmodzi: England ndi Wales ali ndi Charity Commission, Scotland ali ndi OSCR, ndipo manambala a ku Scotland amayamba ndi SC. Mukaona nambala yotero pa khoma la sukulu ya mkaka, dziwani kuti ndi ya abwenzi akunja amene amatumiza ndalama. Musaiveke gulu la m'mudzimo.

Kandimverere anakanena za m'maluwa. Pitani nokha ku bungwelo, mupereke moni, mupemphe mwaulemu kuona chiphaso. Koperani chilembo ndi chilembo, osadumpha ziro kapena kamzere, ndipo mulembe tsiku limene mwachiona, chifukwa ziphaso zina zimatha ntchito. Ngati simunachione, pasiyeni popanda kanthu. Nambala yopeka imayeretsa wakuba n'kudetsa wolungama.

Musanyoze kagulu ka amayi kophikira ana phala chifukwa choti sikanalembetse. Ngati kali ndi malo ake odziwika, kaikeni pa mapu, za nambala muzisiye. Koma dzina la msungichuma, foni ya munthu, kapena nyumba yogona ana amasiye, zimenezo si za pa mapu oonedwa ndi dziko lonse.

Pomaliza, musanayambe kalembedwe katsopano, onani mmene anzanu a ku Phalombe, Thyolo ndi Lilongwe akulembera, mukambirane, mumange chimodzi. Aliyense akamalemba mwakemwake, wofufuza mabungwe a ku Mulanje adzapeza ochepa okha, enawo thandizo n'kuwadutsa. Pitani mukayambe ndi mabungwe a m'dera la mfumu yanu, limodzi ndi limodzi.