Mchira wa mphaka sunama

Galu akavulala mudzi wonse umadziwa. Amalira, amatsimphina, amadzagona pakhomo kuti mumuone. Mphaka satero. Iye akamva ululu amakalowa pansi pa nkhokwe n'kukhala duu, mwini wake n'kumati lero pusi wakhuta makoswe, n'chifukwa chake sanabwere pa nthawi ya nsima. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsono inu adzukulu anga amene mumaweta amphaka, dekhani, ndipo muziyamba kuyang'ana kumchira.

Mphaka wathanzi akamabwera kwa mwini wake, mchira umakhala uli njo m'mwamba, kansonga kokha katapindika. Akakwiya umamenya pansi. Akamayenda pamwamba pa mpanda, ndi womwewo umene umamuthandiza kuti asagwe. Mkati mwake muli timafupa pafupifupi 20, tolumikizana kuchokera kumsana. Ndiye mukaona mchira uli lende, ukukwekwerezeka m'fumbi, kapena wakhota pamene dzulo panali powongoka, kapena mphaka amene ankakonda kusisitidwa lero akulusa mukangomukhudza kumbuyo, dziwani kuti pali nkhani.

Nthawi zambiri nkhaniyo imakhala ya ndewu. Amphaka aamuna osafulidwa amamenyana usiku polimbirana malo ndi akazi, ndipo wogonja amalumidwa akuthawa, mano n'kulowa patsinde pa mchira. Dzino la mphaka ndi lowonda ngati singano. Limabaya mozama, limasiya tizilombo mkati, pamwamba khungu n'kutsekeka msanga. Mukayang'ana m'mawa muona ubweya wosalala bwinobwino. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Pakapita masiku awiri mpaka anayi pamalopo pamatupa, mukaikapo dzanja pamatentha, mphaka amasiya kudya, amangoti khuma. Kenako chithupsa chija chimaphulika. Ubweya umanyowa n'kumatana, pamatuluka mafinya osakanikirana ndi magazi, ndipo fungo lake palibe amene angachite kukuuzani. Mwezi wa Okutobala ntchentche sizichedwa. Mukagona tulo mupeza mphutsi.

Chochita panyumba chilipo, koma n'chochepa. Mukulungeni mphakayo m'chitenje chakale, chifukwa ululu sudziwa mbuye, akhoza kukulumani. Metani ubweya kuzungulira balalo ndi sizasi. Tsukani ndi madzi owiritsa, atazizira, momwe mwasungunula kasupuni kamodzi ka mchere pa theka la lita. Zotsalazo n'za dokotala wa ziweto, amene angatsegule chithupsa bwino n'kupereka mankhwala oyenera.

Apa ndiye pamene chifundo chimaphetsa. Mayi aona mphaka akubuula, atenga Panado amene amamwetsa ana, abenthula theka. Safunsa anadya phula. Chiwindi cha mphaka sichitha kusungunula mankhwala amenewa, ndipo m'bulu umodzi wokha ukhoza kumupha: nkhama zimasanduka zakuda, nkhope imatupa, mpweya umabanika. Dettol nayenso, oyilo wa galimoto, mankhwala a m'dimba, zonsezi ayi. Chilichonse chimene mwapaka pa mphaka amachinyambita, chimakathera m'mimba.

Komatu bala looneka silindiopsa kwambiri ine. Limene limandiopsa ndi lija lopanda magazi. Mwana wagwira mchira n'kukoka mphaka akufuna kuthawa. Chitseko chatsekedwa ndi mphepo mchira uli pakati. Tayala la njinga yamoto laponda mchira mwini wake akulumpha. Khungu lili bwino, palibe chotupa, aliyense n'kumati wapulumuka. Koma patsinde pa mchira, pamene umakumana ndi msana, pamadutsa mitsempha imene imalamulira chikhodzodzo ndi kotulukira chimbudzi. Ikakokedwa kapena kuduka, mchira umangokhala chinthu cholendewera. Yesani kutsina pang'ono kunsonga: wabwinobwino amatembenuka nthawi yomweyo, wovulala mitsempha sadziwa n'komwe kuti mwamugwira. Onaninso pamene wagona. Ngati pali ponyowa, mkodzo ukungodontha wokha, kapena chimbudzi chamatirira kumbuyo chifukwa sakutha kutukula mchira, mitsempha yakhudzidwa. Choopsa koposa ndi mphaka amene akunjuta kawirikawiri koma osatulutsa kanthu, kumimba kuli gwa. Ameneyo akatha tsiku lathunthu osakodza, impso zimayamba kuwonongeka. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Nyamukani tsiku lomwelo, musadikire la msika.

Ena amachira mitsempha ikabwerera m'malo, patapita milungu kapena miyezi. Ena mchira sudzukanso, ndipo dokotala amaudula kuti usamakokeke m'matope n'kuchita zilonda. Musamve chisoni kwambiri, mphaka wopanda mchira amazolowera, makoswe amagwirabe. Chimene ndikukana ndi chikwanje cha pakhomo. Amene amadula yekha amasiya fupa pamtunda, chilonda n'kunyeka.

Ndinenepo za ana, poti ambiri mwa mavutowa amachokera m'manja mwawo. Amamanga lababandi kapena ulusi kumchira kuti aseke mphaka akamazungulira, kenako mayi aitana nsima, iwo n'kuiwala. Ulusi umabisala mu ubweya, magazi amaleka kuyenda. Nsonga imayamba yatupa, kenako imazizira, imada, imauma. Pofika apo, mwana angalire bwanji, pepani sapoletsa chilonda. Mukaona mphaka akudziluma kumchira, pasulani ubweya ndi zala mufufuze. Mwina mupeza ulusi, mwina mupeza utitiri, umene umakonda malo omwewo a patsinde pa mchira ndipo umasiya timitosi takuda ndi tinkhanambo. Utitiri ndiye nkhani yopepukirapo.

Ndikudziwa, alipo amene aseke kuti agogo akalamba, munthu n'kuwononga ndalama ya kabaza chifukwa cha chona? Enanso mphaka amamuyang'ana ndi diso la zamatsenga. Asekewo akafunse amene anakolola bwino koma chimanga n'kuthera makoswe. Alangizi a ziweto alipo m'madera mwathu, ku Lilongwe kuli bungwe la LSPCA, ku Blantyre kuli BSPCA. Ndipo pali chifukwa china chimene sichikhudza mphaka yekha. Simudziwa chimene chinamuluma usiku uja. Chiwewe si cha agalu okha, mphaka nayenso amachitenga n'kupatsira anthu, choncho tsiku la katemera nayenso azipita. Akakulumani pomutsuka, sambitsani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako pitani kuchipatala.

Pomunyamula mphakayo kupita kwa dokotala musamuike m'thumba la feteleza, amabanika ndipo mchira wothyokawo umapindikanso. Pezani katoni yolimba, booleni mabowo m'mbali, yalani kansalu pansi, mangani ndi chingwe pamwamba, ndipo musatsegule panjira ngakhale alire chotani.