Mfuti, Khungu ndi Miyeso Iwiri

Acinyamata anzanga, akuba akavuta usiku m'makomboni mwathu, ku Kanyama, ku Chawama kapena ku George, pamamveka mau akuti: "Malamulo a mfuti anabwera ndi atsamunda kuti munthu wakuda akhale wopanda mphamvu. Nanga ife tiwamvere cifukwa ciani?" Funsoli tisalinyoze, pakuti mbali yake yoyamba ndi yoona.

M'caka ca 1890 maiko a Azungu anasainirana pangano ku Brussels. Anati afuna kuthetsa malonda a akapolo, motero analetsa kugulitsa mfuti zamakono m'cigawo cacikulu ca Africa, momwe muli dziko lathu lino. Munthu wakuda anamusiyira gogodela, mfuti yothira onga kukamwa, pamene Mzungu anali kupatsidwa cilolezo ca mfuti yabwino. Mu 1898 asilikali a Britain analowa m'dziko la Mpezeni, kumene lero kuli Chipata, atanyamula mfuti za Maxim. Angoni, ambiri a iwo ali ndi mikondo ndi zishango, anagonja, ndipo Nsingo, mwana wa Mpezeni, anaomberedwa.

Sikwathu kokha ai. Mu 1880 boma la Cape linalamula Abasotho kuti apereke mfuti zao, zimene ambiri anagula ndi thukuta la ku migodi ya ku Kimberley. Iwo anakana ndipo nkhondo inabuka. Kutsidya kwa nyanja, ku America, ukapolo utangotha mu 1865, boma la Mississippi linaletsa anthu akuda kusunga mfuti popanda cilolezo, lamulo limene silinakhudze Azungu. Mu 1956 anthu atsankho ataponya bomba panyumba ya M'busa Martin Luther King ku Montgomery, iye anapempha cilolezo coyenda ndi mfuti. Anamukaniza.

Tsono chimo linali pati? Ine ndikuona kuti silinali pa kuletsa mfuti. Linali pa kuyeza anthu ndi miyeso iwiri, cinthu cimene Miyambo 20:10 imanena kuti Mulungu amanyansidwa naco. Lamulo linaona moyo wa Mzungu ngati woyenera kuutetezera, koma munthu wakuda ngati coopsa coyenera kucimanga manja. Kucotsa chimo limenelo ndi kuyeza onse mofanana. Kugawira aliyense mfuti ndi nkhani ina. Taganizirani nyumba ya zipinda ziwiri ku Mtendere, mogona anthu 8. Mfutiyo mudzaibisa pati kuti mwana asaipeze, kapena amalume akabwera ataledzera?

Lamulo la Zambia lero silifunsa khungu: aliyense ayenera kukhala ndi laisensi. Koma miyeso iwiri ija sinafe, inangosamuka. Ku Kabulonga kuli mipanda yaitali ndi alonda olipidwa. Ku Kalingalinga, pafupi pomwepo, mai amagona atatsamiza mpando kucitseko. Ngati tifuna kukwiya, abale, tikwiyire zimenezi. Tipemphe makhansala athu magetsi a m'miseu, ndiponso apolisi amene amafika msanga mosayang'ana kuti wakuwayo akhala kuti.

King uja, amene anali ndi cifukwa comveka kuposa ife, pambuyo pake anacotsa mfuti zonse panyumba pake. Anthu a mu Montgomery anapitiriza kuyenda pansi, kukana kukwera mabasi atsankho, mpaka mu December 1956 pamene munthu wakuda anakhala pampando wakutsogolo.