Musanagule thiransifoma, yambani mwawerengera

Ana anga a ku Mponela, Madisi, Mvera ndi ku Ntchisi, ndamva kuti ena mwa inu mukufukula mawailesi akale kuti muchotsemo mavalavu n'kudzipangira ampulifaya. Ntchitoyi ndi yabwino. William Kamkwamba nayenso anayamba n'kuphwasula mawailesi asanamange makina ake a mphepo ku Wimbe. Koma tcherani khutu pa nkhani ya thiransifoma, chifukwa apa m'pamene mungawotche ndalama, mwinanso kutaya moyo.

Valavu imafuna magetsi amitundu iwiri. Kawaya kamene kamafiira mkati mwa galasi kamafuna 6.3V, pomwe mbali yokweza mawu imafuna 250V mpaka 300V. Thiransifoma yanu itulutse zonse ziwiri, ndipo kolowera kukhale kwa 230V, 50Hz, monga magetsi a ESCOM. Za ku America ndi za 120V, 60Hz. Mukaiona yotere pamsika ku Lilongwe, isiyeni, ngakhale itatchipa chotani.

Tsopano tengani pensulo ndi pepala. Kawaya ka valavu ya EL84 kamadya 0.76A, ka ECC83 kamadya 0.3A, ka EZ81 kamadya 1A. Mukaika ma EL84 awiri, ECC83 imodzi ndi EZ81 imodzi, zonse zikwana 2.82A. Musagule ya 2.82A ndendende, funani ya 3.5A. Mbali ya magetsi aakulu idzakoka pafupifupi 100mA, ndiye sankhani ya 120mA kapena 150mA. Wodziwa zitunda za ku Ntchisi sadzaza ngolo mpaka pakamwa, amasiyira ng'ombe mphamvu zokwerera. Dziwaninso kuti mukagwiritsa ntchito madayodi m'malo mwa EZ81, 250V ija imakwera kuyandikira 350V, choncho makapasita anu akhale a 450V.

Thiransifoma yakale muinunkhize kaye. Ikamveka fungo la vanishi wopserera, kapena pepala lokulunga mawaya likakhala lakuda ndi lofumbutuka, yatha imeneyo. Pimani ndi mita kuti mutsimikize kuti mawaya sakukhudzana ndi chitsulo chake. Poiyatsa koyamba, magetsi adutsire m'babu la mtundu wakale la 60W. Babu likawala kwambiri musanalumikize kanthu kotulukira, mkati muli shoti.

Pali zinthu ziwiri zimene ndikuletsani ndithu. Thiransifoma ya mu microwave musaikhudze n'komwe: imatulutsa pafupifupi 2,000V ndipo imapha nthawi yomweyo. Komanso musatenge magetsi a pakhoma n'kuwalowetsa mumavalavu popanda thiransifoma pofuna kupulumutsa ndalama. Mukatero, chitsulo cha ampulifaya chikhoza kukhala ndi moto, ndipo woyamba kuchigwira angakhale mng'ono wanu.

Ikani fiyuzi kolowera, chitsulo muchilumikize ku waya wa pansi. Makapasita amasunga moto ngakhale mutazula pulagi, ndiye muziwapima musanalowetse chala. Popima makina oyaka, dzanja limodzi likhale m'thumba, muvale nsapato, ndipo pakhale munthu pafupi.

Inu okhala kumene mapolo a ESCOM sanafike, kumbukirani kuti mavalavu amadya batire ngakhale nyimbo isakulira, ndipo inveta yotchipa imaliritsa thiransifoma n'kuitenthetsa.

Safunsa anadya phula, ana anga. Mukamaliza kuwerengera, pitani ndi pepala lanulo kwa mmisiri wamkulu amene anakonzapo mawailesi a mavalavu, aone masamu anu. Akavomereza, pamenepo ndiye tulutsani ndalama.